Mwala Umene Che Lajabu Anatsika Nawo

Loweruka likudzali ndi sadaka ya masiku makumi anayi ya malume anga aakulu, Che Lajabu, ndipo banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti mbiri yawo ndilembe ine. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti ndinapita ku koleji. Zoti ndinabwerako ndisanamalize, banja linaona kuti si nkhani yoiyambitsa anthu akulira. Ndikuthokoza ulemu umenewu, ngakhale ndikudziwa kuti mpunga wa sadaka ukadzatha, ulemuwo udzathera limodzi.

Ndiyambe ndi zimene aliyense akudziwa. Che Lajabu anali dalaivala, Msilamu wosaphonya swala, mwamuna wa mkazi mmodzi, Abiti Salimu, komanso munthu wansanje kuposa onse amene anapondapo Limbe. Nsanje yawo siinali ya mkazi, ya chuma, kapena ya malata atsopano a oyandikana nawo. Inali ya chidindo chimodzi cha m'pasipoti ya mng'ono wawo, Che Twaibu. Chidindocho n'chaching'ono, inki yake inafwifwa kalekale, pasipotiyo inatha ntchito ine ndisanabadwe. Koma chifukwa cha icho, kwa zaka zoposa makumi anayi, Che Lajabu sanakwereko ku nyumba ya mng'ono wawo pa phiri la Mpingwe, ndipo Che Twaibu sanatsikireko ku nyumba ya mkulu wawo kuseri kwa njanji.

Nyumba ziwirizi zimaonana. Ukaima pakhonde pathu kumunsi kuno, ukhoza kuwerenga zovala zimene zayanikidwa kumtunda. Che Lajabu ankaziwerengadi.

Iwo ankadikira chinthu chimodzi chokha: kuti mng'ono wawo atsike yekha, ndi miyendo yake, aime pamaso pawo n'kunena kuti, "Achimwene, tiyeni." Ife tonse a m'banjali tinakula tikudikira nawo.

Pakhomo pathu panali mwala. Ndikuti pathu chifukwa ndakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo chichokere pamene ine ndi koleji ya ku Chichiri tinalekana mwamtendere. Mwalawo ndi wakuda, wolemera ngati batire ya galimoto, mbali ina yokhuthala, mbali ina yopyapyala ngati nkhwangwa. Ntchito yake yooneka inali kugwira chitseko cha pabalaza kuti mphepo isamachimenyetse. Koma malume ankautchula kuti Mboni. Mlendo akapunthwa pa mwalawo sankamupepesa. Ankamuuza kuti ali ndi mwayi, wapunthwa pa dziko lakunja opanda pasipoti.

Handibuleki sankaikhulupirira. Ankati ndi lonjezo la munthu amene sunamuonepo nkhope. Galimoto ikaima potsetsereka, ndipo Limbe yense ndi wotsetsereka, iwo ankayang'ana kaye kumatayala asanapereke moni kwa mwini wake. Atapuma pa ntchito ankapita ku depoti m'mawa uliwonse, ati kukaongola miyendo, koma tonse tinkadziwa kuti akupita kukaika miyala kumbuyo kwa matayala a minibasi za eni.

"Madala, mwayambanso?" ankatero oitanira. "Nanga tinyamuka bwanji?"

"Kutsogolo sindinatseke, mwana iwe. Kapena ku Blantyre masiku ano mumapita chammbuyo?"

Chiphunzitso chawo chinali chakuti kuthamanga aliyense amatha, ngakhale mbuzi, koma munthu weniweni umamudziwira pa kaimidwe. Ankanena zimenezi atayang'ana ku Mpingwe.

Tsopano nkhani ya chidindo. Ndinaimva kambirimbiri, kumunsi ndi kumtunda komwe, ndipo mbali ziwirizi zimagwirizana pa chilichonse kupatula pa amene analakwa.

Ali anyamata, abale awiriwa anapita ku Joni n'kukapeza ntchito kwa mwenye wina wa sitolo, m'katauni ka m'tsinde mwa mapiri a ku Natal. Tsiku lina m'nyengo yozizira dalaivala wa mwenyeyo anadwala, ndiye anatuma awiriwa kuti akwere ndi jipi yodzaza matumba a ufa, shuga ndi parafini kupita ku Lesotho, akabwereko ndi ubweya wa nkhosa. Kwa amene sanamalize sukulu ngati ine, Lesotho ndi dziko limene linamangidwa padenga pa dziko linzake. Njira imene anadzera amaitchula kuti Sani. Pansi pa phiri pali chipata cha Joni, pomwe amakudinda kuti watuluka. Pamwamba penipeni, m'mitambo, pali chipata cha Lesotho, pomwe amakudinda kuti walowa. Pakati pa zipata ziwirizi pali msewu wa miyala wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku, ndipo ukakhala pamenepo kwina watuluka, kwina sunafike.

Makona omaliza anali othina moti jipi yodzaza siinkakhota kamodzi. Unkakhota theka, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukhotanso. Kumbuyo komwe ukubwererako kunali phompho. Ndiye mmodzi ankatsika n'kumayenda kumbuyo kwa jipi atanyamula mwala. Jipi ikabwerera pokwanira, ankaulowetsa kunsi kwa tayala n'kukuwa. Ikanyamuka, ankautola n'kuithamangira mpaka pa kona ina.

Pachiwongolero panali Che Lajabu, monga mkulu, komanso monga amene anaphunzitsa mng'ono wawo kuyendetsa. Ndi mwala kunali Che Twaibu. Pa kona yoyamba Che Twaibu anaika mwalawo chopendekera, tayala linaukankha, jipi inatsetsereka phazi limodzi lathunthu kulowera kuphompho isanagwire. Che Lajabu anatsika maso ali psu.

"Iwe Twaibu, mwala amaika ngati ukuika mbale pamphasa? Bwera nawo kuno. Kwera uyendetse. Chiwongolero ngakhale nyani akhoza kugwira. Ntchito ya akuluakulu ndi ino."

Ndikupempha owerenga asunge mawu amenewa. Palibe amene anawalanda chiwongolero. Anachipereka okha, ndi pakamwa pawo, n'kuwonjezerapo nyani.

Kona ndi kona Che Lajabu anaika mwala, ndipo Che Twaibu nawonso amavomera kuti chiyambire sanaonepo mwala woikidwa bwino chotero. Pa kona yomaliza, kumbali yamthunzi, madzi anali ataundana pamsewu. Jipi inabwerera, mwala unalowa, jipi inanyamuka, matayala anaterereka uku ndi uku, kenaka anagwira. Che Twaibu sanaime. Pamenepa palibe mlandu, ndipo Che Lajabu sanauikepo mlandu: kuima pa madzi oundana potsetsereka n'kudzikumbira manda, ndipo ankati akanaima akanamumenya khofi. Jipi inakwera mpaka kukabisika pamwamba. Iwo anatsala pakona, mwala uli m'manja.

Kuchokera pamenepo kukafika pa chipata unali mtunda woti mwana ukamutuma mchere amabwera madzi asanawire. Denga la ofesi linkaoneka. Mbendera inkaoneka. Munthu wina aliyense akanayenda.

Che Lajabu anaika mwala pansi, n'kukhalapo, n'kupinda manja.

Lamulo lawo linali lomveka. Mkulu akatsika m'galimoto kuti apulumutse mng'ono, mng'onoyo akafika poima amabwerera wapansi kudzamutenga. Mkulu sathamangira jipi ya mng'ono wake ngati wopempha lifiti. Kwathu zimatero, ndipo iwo sanaone chifukwa choti mwambo usinthe poti phiri n'lalitali.

Pamwamba Che Twaibu anapereka mapasipoti awiri, poti onse anali m'jipi. Mkulu wa pachipata, atafunda bulangete mpaka m'makutu, anafunsa kuti mwini wa inayi ali kuti. Che Twaibu analoza kumbuyo. Mkuluyo anayenda mpaka m'mphepete, n'kusuzumira, n'kuona munthu wa jekete atakhala pamwala ngati akudikira basi. Anaimba likhweru. Anakodola ndi dzanja. Che Lajabu, pokhala munthu woleredwa bwino, anabweza moni ndi dzanja, n'kupindanso manja awo. Mkulu uja anabwerera n'kunena kuti chidindo n'cha amene mapazi ake ali pamwamba. Anadinda imodzi.

Dzuwa litapendeka, jipi inatsika itadzaza ubweya, Che Twaibu atadzikulunga m'bulangete la kumeneko. Inaima pakona paja. Chitseko chinatsegulidwa, koma chinatsegulidwa kuchokera m'kati. Che Lajabu anakwera, mwala uli pamiyendo. Pa chipata cha pansi, wodinda anatembenuza masamba a pasipoti yawo kawiri. M'mawa munthuyu anatuluka, madzulo akubwera, pakati palibe dziko lililonse limene linamulandira.

"Nanga inu tsiku lonseli munali kuti?"

"Funsani amene anandisiya."

Dalaivala wa mwenye uja anachira, ndipo awiriwa sanatumidwenso kumeneko. Patapita zaka anabwerera kwawo kuno, wina ndi chidindo ndi bulangete, wina ndi mwala. Pa malire onse a m'njira ankafunsidwa kuti mwalawo ngwachiyani. Ankayankha kuti ndi mboni, ndipo mboni siilipira msonkho.

Musaganize kuti abalewa sankalankhulana. Akanakhala osalankhulana bwenzi tikupuma. Ankakumana Lachisanu lililonse ku mzikiti, akatuluka n'kukakhala pa benchi imodzi m'kanyumba ka tiyi ka pafupi ndi msika wa Limbe. Kumeneko sikunali kumtunda, sikunali kumunsi, kunalibe boma la aliyense. Che Twaibu ndi munthu wodziwa kukamba nkhani, ndipo chaka chilichonse phiri lija linkatalikirako. Anthu ankamuunjikira. Ankafotokoza za chipale choyera ngati ufa, za abusa a pamahatchi, za momwe anagwirira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Che Lajabu ankatakasa tiyi mpaka supuni kutentha.

Juni akafika, chiperoni chitaphimba Limbe, Che Twaibu ankabwera ku mzikiti atafunda bulangete lija, lolemera, la mizere, atalimanga paphewa ndi phini wamkulu. Tsiku lomwelo Che Lajabu ankavala malaya a manja aafupi.

"Achimwene, simukumva kuzizira?"

"Kuzizira kwake kuti? Ine ndinakhala pa madzi oundana tsiku lonse ndi jekete la pa msika wa Limbe pompano. Ena kungofika pamwamba n'kuthamangira bulangete ngati khanda."

"Ena tinafikako, n'chifukwa chake."

"Unafika ndi mwala wa ndani?"

"Ndi chiwongolero cha nyani, achimwene."

Mayi wogulitsa tiyi ankachepetsa wailesi kuti amve bwino. Julaye aliyense Che Lajabu ankadwala chifuwa, ndipo ankati n'chifukwa cha fumbi.

Panali chinthu chimodzi chimene ankapambana nacho, ndipo ankachisunga ngati ndiwo za alendo. Ankati woyendetsa saona dziko, amaona msewu. Twaibu anaona miyala ya kutsogolo kwa tayala, kenaka matumba a ufa. Iwo, atakhala pakona paja, anaona Joni yense atayalidwa pansi ngati mphasa yobiriwira ndi yofiirira, mitambo ikuyenda kunsi kwa nsapato zawo, miimba ikuuluka moti ankaiona kumsana osati kumimba. Kunali zii, moti ankamva magazi awo akuyenda m'makutu. Nthawi ya swala ya masana itakwana, madzi onse ali gwa, anasisita manja pa mwala uja m'malo mwa madzi monga chipembedzo chimalolera, n'kuswali pamsewu, pamalo opanda dziko. Akafika pamenepa mawu ankatsika, ndipo anthu a m'kanyumba ka tiyi ankasiya makapu. Kwa kanthawi ankaoneka ngati munthu amene sanasowepo kanthu. Kenaka wina ankafunsa kuti, "Nanga pamwamba pake mpotani, Che Lajabu?" Basi supuni inkayambanso kulira m'kapu.

Chaka chimene mwana wamkazi wa Che Twaibu ankakwatiwa, tonse tinati lero zitha. Mwambo unali ku Mpingwe, ndipo Che Lajabu monga bambo wamkulu ankayenera kukhala kutsogolo. Anadzuka m'mamawa, anameta, anavala mkanjo woyera ndi chisoti chopeta, anadzola mafuta onunkhira amene ankasungira Idi. Anatulutsa mpando pakhonde, pafupi ndi Mboni, n'kukhala moyang'ana kuphiri. Cha m'ma teni galimoto inatsikadi, yotsukidwa, ya maliboni. Inaima pageti. Anatuluka mwana wamwamuna wa Che Twaibu.

"Bambo aakulu, adadi akuti tiyeni."

"Adadi ako miyendo yathyoka?"

"Ayi, akulandira alendo."

"Pita ukawauze kuti pa phiri paja ine sindinatume mwana. Ndinatsika m'jipi ndekha. Ndipo galimotoyo waimika opanda mwala."

Mnyamatayo anabwerera. Yankho limene linachokera kumtunda linali lakuti miyendo imene anali nayo pa phiri paja ndi yomweyo ali nayo lero. Abiti Salimu anamanga chitenje n'kukwera okha, akunena kuti iwo sanakwatiwe ndi mwala. Malume anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, ali mu mkanjo, akumva nyimbo za kumtunda, chifukwa mphepo tsiku limenelo inalibe chisoni. Madzulo mbale ya mpunga ndi nyama inatsika. Anadya yonse. Anati mchere unachepa.

Ine ankanditchula kuti Pulofesa. Tsiku limene ndinafika ndi chikwama changa kuchokera ku Chichiri, abale onse atatopa kundifunsa kuti chaka chimodzi chokha chinandikanika bwanji, iwo sanafunse. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ife ofika pafupi tiyenera kusungana, chifukwa ofika pamwamba ali ndi mapepala, ife tili ndi nkhani. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa mumtima mwanga kuti Mboni ndi cholowa changa. Ana awo ali ndi madigiri ndi ntchito ku Lilongwe. Nyumba atenge, mkanjo atenge. Koma mwala wa munthu amene anatsala pang'ono kufika, woyenera kuulandira m'banja lonseli anali mmodzi, ndipo ziyeneretso zake anazivutikira zaka zitatu. Ndinkausesa m'mbali. Kawiri konse ndinaupukuta ndi nsanza yonyowa iwo akuona.

Chaka chatha ndinalakwitsa. Ndinapeza pa foni kanema wa njira ija, wojambulidwa ndi alendo okaona malo, n'kuwapatsa malume. Anavala magalasi. Jipi ya m'kanemayo inkakwera mosavuta, anthu akuseka m'kati. Itafika pa kona ina anagwira dzanja langa.

"Imitsa. Bweza pang'ono. Apo."

Panali mzungu wa kabudula ataima m'mphepete, akudzijambula, zala ziwiri zili m'mwamba.

"Ameneyu waima pamalo panga."

"Amalume, msewu ngwa aliyense."

"Anaikapo mwala ameneyu? Taona nsapato zake. Ndiye akatero akwera, akamudinda?"

"Amudinda, amalume."

Anandibwezera foni. Tsiku limenelo sanapite ku depoti, ndipo minibasi za ku Limbe zinadalira handibuleki.

Che Lajabu atadwala, Che Twaibu ankapita kukawaona kuchipatala tsiku lililonse, poti chipatala nacho sichili kumtunda kapena kumunsi. Tsiku lina ndinawapeza akukangana. Che Lajabu anali atazindikira kuti bedi lawo lili ndi matayala, ndipo sankafuna kugona. Namwino anawaonetsa kachitsulo kotsekera, iwo anati imeneyo ndi handibuleki. Che Twaibu anawerama movutika, anavula nsapato yawo imodzi n'kuilowetsa kunsi kwa tayala. Che Lajabu anasuzumira, machubu ali m'mphuno.

"Waika chopendekera."

Koma anagona.

Madokotala atanena kuti palibenso chochita, anapempha kubwerera kunyumba. Anati bedi aliike pabalaza, chitseko chikhale chotsegula. Abiti Salimu ankati n'chifukwa cha mpweya. Masiku anayi anagona moyang'ana kugeti. Uthenga unapita kumtunda kawiri. Che Twaibu ankayankha kuti abwera mawa, ndipo anthu amene anawaona akuti tsiku lililonse ankavala, n'kufika pageti pawo, n'kuima, n'kubwerera. Tsiku lachisanu m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde, Che Lajabu anatisiya.

Pasanathe ola tinaona munthu akutsika njira ya ku Mpingwe wapansi, ndodo m'manja, akudumpha njanji. Anthu amene anali atayamba kusonkhana anapatuka okha. Che Twaibu analowa pageti limene anali asanalowepo, anadutsa pa Mboni osapunthwa, anaima pafupi ndi bedi. Tonse tinamva.

"Achimwene, tiyeni."

Kwathu maliro sagona. Masana omwewo, titaswalira, tinanyamula jeneza, machila a maliro, kupita kumanda, ndipo manda athu ali pachitunda. Amene anaperekezapo maliro a Chisilamu akudziwa kayendedwe kake: amuna amandanda mbali ziwiri, jeneza limayenda paphewa ndi paphewa, aliyense amagwira masitepe ochepa n'kusiyira mnzake kuti onse apeze madalitso. Palibe amene amakakamira. Che Twaibu anapatsa munthu ndodo yawo, anagwira kutsogolo kudzanja lamanja, ndipo sanasiye. Achinyamata ankawagwira paphewa, iwo osatembenuka. Pokwera chitunda mpweya unayamba kuwathera, jeneza linapendekera mbali yawo. Shehe anawayandikira.

"Che Twaibu, apatseniko anzanu."

"Awa ndi anga, Shehe. Ndinawasiyapo kamodzi."

Shehe anangouza wina kuti agwirizire kumbuyo kwawo. Anafika nawo mpaka pamwamba.

Patatha sabata, alendo atachepa, ndinaona kuti nthawi yakwana yoti nkhani ya cholowa ikambidwe. Ndinakhala pafupi ndi Mboni mooneka wachisoni. Abiti Salimu anandiyang'ana.

"Pulofesa, usadzivutitse. Anasiya mawu. Mwalawo ngwa Twaibu. Koma anati wina asamupititsire, adzautenge yekha."

Sindibisa, zinandiwawa kuposa tsiku limene dzina langa linasowa pa bolodi ya okhoza mayeso ku Chichiri. Munthu ali ndi chidindo, ali ndi bulangete, ali ndi nyumba pa phiri, tsopano atengenso mwala? Ena Mulungu anawapatsa ndi manja awiri, n'kubwerekanso lachitatu.

Che Twaibu anabwera Lachisanu atachoka ku mzikiti, wapansi. Anakhala pa mpando wa pakhonde n'kuyang'ana nyumba yawo kumtunda.

"Kani imaoneka chonchi," anatero. "Mpaka zovala."

Ndinawapatsa madzi mosasangalala. Anamwa, n'kuyamba kulankhula osandiyang'ana.

"Pulofesa, akuti ukulemba. Ulembe ichi. Pa kona paja jipi itaterereka, ndinamva kugunda kumbuyo. Ndinati ndawaponda. Sindinayang'ane pagalasi, ndinaopa. Ndinafika pamwamba osadziwa ngati ali moyo. Mkulu wa pachipata uja atabwera n'kunena kuti kuli munthu wakhala pamwala, wabweza moni, ndinalira ngati mwana. Pamene ndinkatsika m'jipi ndi pomwe ndinaona kuti thalauza lanyowa mpaka m'mawondo. Mwini sitolo wa kumeneko anandimvera chisoni n'kundiponyera bulangete kuti ndibise. Bulangete lake ndi limenelo."

Anazunguliza kapu m'manja n'kupitiriza.

"Ndikanatsika bwanji? Iwo atakhala phee pamwamba pa phompho ngati ali pakhonde pawo, ine ndibwere chonchija, munthu amene anandiphunzitsa okha? Ndinati ndidikire liume. Kuzizira kumene kuja chimauma n'chiyani? Kenaka tsiku linatha. Kenaka ndinayamba kukamba za dzanja limodzi, anthu n'kumakonda. Ukanama chaka chimodzi umabweza, koma makumi anayi? Zaka zonsezi wosirira ndinali ine. Mtima umene uja ine ndilibe."

"Ndiye amalume apita osadziwa?"

Yankho linachokera m'nyumba, komwe Abiti Salimu ankasankha nyemba.

"Ankadziwa."

Che Twaibu anatembenuka.

"Mutadutsa chipata cha pansi, anayendetsa ndani, alamu? Si iwo? Mpando unali usanaume."

Ndinaganiza za Lachisanu lililonse m'kanyumba ka tiyi, za supuni ija, za dzanja limodzi pachiwongolero, za anthu akuombera m'manja Che Twaibu. Munthu wansanje kuposa onse a mu Limbe anali ndi mawu amodzi m'thumba oti akanangowatulutsa, bulangete lija silikanaonekanso ku mzikiti. Anasankha kudwala chifuwa Julaye aliyense.

"Anandiuza ine ndekha, chaka chimene tinakwatirana," anapitiriza Abiti Salimu. "Ankati chidindo n'cha Twaibu, chimenecho sadzamukhululukira. Koma thalauza ndi la banja. Ankati mukanatsika nalo lonyowalo, akanakuvulirani jekete."

Che Twaibu anaika kapu pansi. Kenaka anaimirira, anawerama, ananyamula mwala n'kuukumbatira pamimba. Ndinati ndiwathandize, mwina ndiugwireko komaliza. Anakana. Ndinawafunsa ngati za thalauza ndilembedi.

"Lemba. Bulangete lija limalemera."

Ndinawayang'ana akudumpha njanji, akuima, akupuma, akukweranso. Ndodo anaiiwala pakhonde.

Pomwe panali Mboni patsala chibowo chosaya pa simenti, chosalala, chooneka ngati phazi la ng'ombe, ndipo mtundu wake ngwosiyana ndi simenti yonse chifukwa dzuwa silinafikepo zaka makumi anayi. Tsache likadutsa, fumbi limasonkhana mmenemo. Mpando uli pomwe unali, ukuyang'anabe kuphiri. Chitseko tsopano chilibe mwini. Mphepo ikatsika kuchokera ku Mpingwe chimatseguka chokha, n'kudzimenyetsa, n'kutsegukanso. Ndinayesa chidutswa cha njerwa, chinakankhidwa. Ndinayesa chigubu cha madzi, chinagwa. Dzulo ndinabwera ndi mwala weniweni wa kunjanji, ndinauika bwinobwino, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndiuone. Abiti Salimu anasuzumira ali pa mkeka wawo.

"Waika chopendekera," anatero. "Chotsa, chizimenya."